Zifukwa Zitatu za Nachisale

Moni nonse owerenga, abale ndi alongo. Ndiyambe ndathokoza Mulungu amene watidzutsa lero, natipatsa maso owerengera ndi pokhala. Ndimthokozenso chifukwa cha ana athu, amene amanyamula mabuku olemera kuposa iwo eni, ndi chifukwa cha amayi amene amawadikira pakhomo. Nkhani yathu inachitika kutali, ku ufumu wa Tsanzirani. Musavutike kuufuna pamapu.

Ku Tsanzirani kunkalamulira Mfumu Dzitame Wachinayi, munthu wokonda anthu ake kwambiri moti sankafuna kuti azivutika ndi kuganiza. Mfumuyi inali ndi Bwalo la Ovomereza, nduna makumi anayi zimene ntchito yake inali kuwomba m'manja. Nduna yochedwa kuyamba kuwomba inkachotsedwa ntchito, ndipo yofulumira kusiya inkachotsedwanso. N'chifukwa chake nduna za kumeneko unkazidziwira zikhatho, zolimba ngati za mlimi, ngakhale khasu zinkangoliona pazithunzi.

Malamulo anali ochuluka ngati mchenga, koma pa nkhani ino mugwire awiri. Loyamba linkati wotsutsa mawu a Mfumu azikagona ku ndende ya Khalachete. Lachiwiri linkati chilichonse chowerengedwa kapena kufunsidwa m'sukulu chizichokera m'zolankhula za Mfumu. Ana ankaphunzira masamu powerenga milatho imene Mfumu inalonjeza, n'kuchotsapo imene inamangidwa. Yankho linkangofanana ndi funso.

Chaka china Mfumu inapita kutsidya kwa nyanja kukapumula, popeza inali itatopa ndi kupumula kwa kuno. Inabwerako ndi bokosi la mapepala. Inauza Bwalo kuti kumeneko ana amayesedwa Chingerezi, ndiye chifukwa chake misewu yawo ilibe maenje. Nduna zinawomba m'manja mpaka nkhunda zinathawa padenga. Tsiku lomwelo linatuluka lamulo lakuti mwana aliyense womaliza Sitandade 8 ayesedwe Chingerezi. Wokhoza apite ku sekondale. Wolephera apatsidwe mwayi wina umodzi, ndipo akalepheranso akagwire khasu.

Ntchito yokonza mayesowo inaperekedwa kwa Nduna ya Mayeso, a Koperani, ndipo iwo anachita monga mwa mwambo wa dzikolo: anakopera zonse osasiya ndi kadontho komwe. Anakopera ngakhale lamulo lakuti ana avule zikhoti za chisanu asanalowe m'chipinda, m'dziko limene mwezi wa Okutobala abuluzi amapempha mthunzi. Gawo lomaliza la mayesowo, lomwenso linali ndi malikisi ochuluka koposa, linali la pakamwa. Woyesa amanena chiganizo chimodzi, ndipo mwana ayenera kuchitsutsa m'Chingerezi n'kupereka zifukwa zitatu. Kutsidyako ziganizo zake zinali zopanda minga, monga zakuti mphaka aposa galu. Koma ku Tsanzirani lamulo lachiwiri lija linalipo, choncho a Koperani anatola ziganizo m'zolankhula za Mfumu. Palibe nduna inaona vuto. Malamulo onsewo anali atawombedwa m'manja, ndipo zinthu zowombedwa m'manja sizingalimbane.

Pa msika wa Pirirani pankakhala mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi, dzina lake Nachisale. Anali wa chigwirizano cha amayi, wosajomba Lachinayi, wodziwa nyimbo za mumpingo popanda buku. Mwamuna wake anatsogola kale, namsiyira mwana mmodzi, Ndaziona, wa zaka khumi ndi zitatu. Pa sukulu ya Tadzimvera mwanayo ankakhala nambala wani chaka ndi chaka. Chingerezi ankachiwerenga paliponse pamene chapezeka, pa matumba a feteleza, pa mabotolo a mankhwala, pa nyuzipepala zokulungira usipa. Koma chimene mayi ake ankanyadira koposa si chimenecho. Ankanyadira kuti mwanayo analeredwa. Ankagwada popereka madzi, maso ankayang'ana pansi, ndipo chiyambire kulankhula sanauzepo wamkulu mawu akuti ayi.

Galimoto ya chimkuzamawu itadutsa pamsika kulengeza za mayeso, inagwera m'dzenje la pafupi ndi chigayo, ndipo inamalizira uthenga wake ili m'menemo. Nankhoma, wogulitsa kaunjika pa benchi loyandikana ndi la Nachisale, anaiyang'ana nati, "Isiyeni. Ana akakhoza ituluka yokha."

Zotsatira za mayeso oyamba zitatuluka, dziko lonse linalephera. Kuchokera kumapiri mpaka kuchigwa sanapulumuke ndi mmodzi yemwe. Aphunzitsi a Ndaziona, a Kalimbuka, anabwera okha pamsika, nakhala pa bokosi la tomato, napukuta thukuta ndi chipewa.

"Amake Ndaziona, mwana wanu Chingerezi akuchidziwa kuposa ine. Zolemba zonse anakhoza. Chamugwetsa ndi ulemu."

"Ulemu umagwetsa munthu, aphunzitsi?"

"Woyesa anati misewu ya ku Tsanzirani ndi yosalala ngati tebulo. Ndaziona anagwada n'kunena kuti inde bwana, zikomo bwana. M'Chingerezi chokoma zedi. Anapeza ziro."

"Nanga akanati chiyani?"

"Akanakana, n'kupereka zifukwa zitatu."

Nankhoma anali atatchera khutu monga mwa masiku onse. "Zitatu zokha? Pa msewu uwu? Ine ndingapereke zitatu ndisanadutse ogulitsa makala."

"Tsitsani mawu, inu," anatero a Kalimbuka, akuyang'ana uku ndi uku. "Mawuwo ndi a Mfumu. Mwana akavomera, walephera. Akatsutsa, wakhoza, koma pambali pa woyesa pamakhala wapolisi. Ine ndangobwera kudzakuuzani kuti mwayi watsala umodzi, mwezi wamawa. Sindinakuuzeni chochita. Ndipotu sindinabwere n'komwe."

Nachisale anapita nayo nkhaniyo kwa Mulungu, monga ankachitira ndi nkhani zonse. Malemba amatiuza kuti timvere olamulira, ndipo amatiletsanso umboni wonama. Iye anaunjika mawu awiriwo milu iwiri, monga amachitira ndi tomato, nawayang'ana mlungu wathunthu osadziwa waukulu ndi uti. Chimene chinakuza mulu umodzi ndi m'mawa wina pamene anapeza Ndaziona kuseri kwa nyumba ataimika khasu pambali pake, akuliyeza ndi msinkhu wake, ngati chovala chimene wauzidwa kuti adzavala moyo wonse. Nachisale anadzilimbitsa mtima kuti Mfumu singamange mwana chifukwa chokhoza mayeso ake omwe. Anali mayi wa chikhulupiriro chachikulu, ndipo nthawi zina ankachiika pamalo olakwika.

"Khala apa," anatero kwa mwanayo. "Lero ndi Lamulungu."

Linali Lachiwiri.

"Inde, amayi."

"Ndati lero ndi Lamulungu. Belu walimva?"

"Mwina lalira ndili kumjigo, amayi."

"Mwana iwe, nditsutse."

"Chabwino, amayi."

"Ndikudikiratu."

"Ndakutsutsani kale, amayi. Mumtima."

Nachisale anaona kuti chimene anamanga zaka khumi ndi zitatu sangachigumule ndi manja ake omwe. Anatengera mwanayo kumsika nam'pereka kwa Nankhoma, amene anthu ankati anabadwa akutsutsana ndi azamba. Nankhoma anamuimika pa benchi la tomato.

"Tamvera, mwana wa mnzanga. Pano wogula aliyense ndi wabodza. Akati tomato ndi wowola iwe n'kuvomera, amako agona ndi njala. Usamuone ngati wamkulu. Umuone ngati mbuzi yalowa m'dimba."

Tsiku loyamba Ndaziona anavomera kuti tomato ndi wowola, napepesanso. Tsiku lachitatu anangoti chete. Tsiku lachisanu ndi chiwiri kunabwera bambo wina wa tayi ndi mimba yake, nanyamula tomato wofiira psuu, nati ndi wosapsa. Mwanayo anayang'ana pansi, nati ndi mawu aang'ono, "Ayi, bambo." Kenaka zifukwa zinatuluka zokha, chimodzichimodzi, ngati anapiye pansi pa make. Nankhoma anaimba nthungululu. Nachisale anamva chimwemwe ndi manyazi nthawi imodzi, ndipo bamboyo atachoka anam'thamangira n'kumuikira anyezi awiri a basera, mopepesa.

Tsiku la mayeso linafika. Popeza denga la Sitandade 8 linapita ndi mphepo zaka zisanu zapitazo ndipo linali lisanabwerere, woyesa anaika tebulo lake pansi pa mtengo wa mango. Wapolisi anakhala pambali pake, unyolo uli pamaondo. Makolo anaima patali, kuseri kwa chingwe. Ana ankabwera mmodzimmodzi, kugwada, kuvomera, kuthokoza, kulandira ziro. Atafika Ndaziona, woyesa anatsegula envulopu nawerenga m'Chingerezi mawu a Mfumu akuti ku Tsanzirani kulibe mwana wophunzirira pansi pa mtengo. Pomwepo tsamba linagwera pa pepala lake, iye nalichotsa mwaulemu.

Nachisale sanamve ndi liwu limodzi lomwe la zimene mwana wake anayankha. Anangoona kamutu kakudzuka pang'onopang'ono, kenaka chala chimodzi, chachiwiri, chachitatu. A Kalimbuka, amene tsiku limenelinso sanabwere, ankamunong'oneza ali kumbuyo kwake. Chifukwa choyamba chinali mtengo womwewo. Chachiwiri chinali mtengo wa Sitandade 7. Chachitatu chinali ana a Sitandade 1, amene alibe ndi mtengo womwe, koma amangotsata mthunzi wa chimbudzi kuzungulira nawo mpaka kuweruka.

Woyesayo anali munthu woona. Analemba malikisi onse, naimirira, nagwira mwanayo chanza. Wapolisi anadikira kuti chanzacho chithe, nagwira dzanja lomwelo. Unyolo unali wa akuluakulu ndipo unkangovuka, choncho anapempha mwanayo kuti aziugwirizira yekha. Ndaziona anati inde bwana.

Masiku awiri Nachisale anayenda ulendo wa ku Khalachete ndi mbale pamutu. Tomato anaolera pabenchi. Pa zenera la waya ankaona mwana wake atakhala pakati pa azibambo a imvi amene anatsutsapo Mfumu kalekale, ena osakumbukanso kuti anatsutsa chiyani. Mayiyo ankangoimba chapansipansi nyimbo ya chigwirizano yakuti, "Ndigwireni dzanja, njira yaterera," mpaka mlonda atanena kuti nthawi yakwana.

Tsiku lachitatu mlandu unalowa m'Bwalo la Ovomereza, ndipo Nachisale anaitanidwa monga mwini mwana. Anavala bulauzi yake yoyera ndi duku. Kanali koyamba kuona Mfumu yosakhala pachitenje. Inali yaifupi kuposa ya pachitenje, ndipo inali ndi chimfine.

A Koperani ndiwo anayamba. "Mfumu yathu, dzuwa losalowa, mvula yosaononga, mwana uyu ndiye chipatso choyamba cha nzeru zanu. M'dziko lonse wakhoza yekha. Alendo akutsidya akubwera kudzaona mmene mayeso akuyendera. Tikam'tsekera, tidzawaonetsa chiyani? Ziro?"

Bwalo linawomba m'manja.

Kenaka inaimirira Nduna ya Bata, a Tsekani, mwini makiyi a Khalachete. "Mfumu yathu, phiri losakwereka, chitsime chosaphwa, mwana uyu wanena kuti mumanama. Katatu. Tikam'masula lero, mawa wina adzanena kanayi."

Bwalo linawombanso chimodzimodzi, popeza Mfumu inali isanaonetse mbali.

Mfumuyo Chingerezi inkachidziwa ndithu, ndipo inkachikonda kuposa chilankhulo chimene inayamwira. Inaitanitsa pepala la woyesa niwerenga yankho lonse. Nkhope yake inkasinthasintha ngati mitambo ya Novembala, pakuti Chingerezicho chinkakoma koma nkhani yake inkawawa. Itamaliza inayang'ana Nachisale.

"Mayi, ndinu munaphunzitsa mwanayu kunditsutsa?"

Nachisale anagwada mpaka zigongono zinafika pansi. Mayi wozolowera kupemphera pagulu sasowa poyambira.

"Bambo wathu, ine ndine munthu wa tomato, zakuya sindizidziwa. Koma ku mpingo kwathu, nyengo ya Pasaka timachita sewero. Chaka chilichonse mkulu wa mpingo mmodzi amasewera ngati wopereka Ambuye, ena amasewera ngati okhoma misomali. Sewero likatha amavula nsanza zija, ndipo Lamulungu amadya nafe Mgonero. Palibe amawadula mumpingo. Mwana wangayu anam'lowetsa m'sewero ndi mayeso anu, bambo. Anauzidwa kuti akane, ndiye anamvera."

Mumtima anapempha chikhululuko, pakuti mtengo wa mango uja sunali wa sewero.

Mfumu inakondwa kwambiri, makamaka poona kuti m'fanizolo iyo yakhala pa malo a Ambuye. Inalamula pomwepo kuti mawu olankhulidwa m'Chingerezi pamaso pa woyesa si mawu, ndi mayeso chabe, ndipo wowanena asamangidwe. M'manja munalira. Koma a Tsekani sanali munthu wobwerera chimanjamanja.

"Nzeru zakuya, Mfumu yathu. Ndiye ngati si mawu, mwanayu sananene kanthu. Wosanena kanthu wakhoza bwanji?"

A Koperani anati wakhoza. A Tsekani anati sanakhoze. Mfumu inali itamva njala, choncho inagamula kuti mwanayo sanakhoze ndiponso sanalephere, ndipo satifiketi yake isungidwe mpaka komiti itaunika. Ku Tsanzirani chinthu chikalowa m'komiti, abale amayamba kuyala mphasa za maliro.

Ndaziona anabwerera kunyumba wopanda unyolo ndiponso wopanda sukulu. Sekondale inali kutsegulidwa patatha milungu isanu ndi iwiri. Nachisale anayenda maofesi onse mpaka patapata anaduka. Kwa a Koperani anamuuza kuti abwere mawa, ndipo mawalo anamuuza kuti akanabwera dzulo. Ku ofesi ya komiti anapeza chitseko chokhoma ndi mphaka atagona pakhomo. Kudandaula mokweza sakanatha, pakuti chigamulo chinali cha Mfumu, ndipo njira ya ku Khalachete anali ataidziwa kale.

Tsiku lina akusanja tomato mosaona, Nankhoma anamukodola. "Amake Ndaziona, tandibwerezereni lamulo munamva ku Bwalo lija."

Nachisale anabwereza.

"Ndiye kuti munthu akakhala pamaso pa woyesa akhoza kunena chilichonse, bola m'Chingerezi?"

"Ndi za ana a sukulu zimenezo."

"Analemba zaka?"

Anapita kukafunsa a Kalimbuka, iwo nafufuza buku lonse la malamulo a mayeso. Zaka munalibe. Kutsidyako palibe anaganizapo kuti munthu wa ndevu angafune mayeso a ana, choncho sanalembe, ndipo chimene sanalembe a Koperani sanakopere. Bukulo linkangoti woyesedwa akhale wolembetsa pa sukulu, avale yunifolomu, ndipo woyesa akhale pa tebulo Lachisanu lililonse pamene pali wofuna kuyesedwa. Linkatinso yankho lililonse lopeza malikisi onse liwerengedwe mokweza pamaso pa wosayina masatifiketi. Ku Tsanzirani wosayina anali mmodzi.

Mlungu womwewo sukulu ya Tadzimvera inalembetsa ana atsopano mazana atatu, ena a dazi. Makabudula onse a khaki anatha pa kaunjika wa Nankhoma. Ndaziona, popeza analibe kopita, anaima pa benchi la amayi ake nayamba kuphunzitsa. Ndipo taonani chodabwitsa. Chingerezi chimene zikwapu zinalephera kulowetsa m'mitu zaka makumimakumi, chinalowa m'milungu itatu. Munthu akakhala ndi chonena, sachedwa kupeza chonenera. Wa kabaza wina ankabwera m'mawa uliwonse ndi mafunso.

"Aphunzitsi aang'ono, dzenje m'Chingerezi ndi chiyani? Nanga dzenje lalikulu? Nanga loti ng'ombe inamiramo?"

Mdala wosoka nsapato anapempha liwu limodzi lokha, lakuti wakuba, nati zotsalazo aziloza ndi chala.

Nachisale yekha anakana. Anati mayi wa chigwirizano savala diresi la ana, maondo pamtunda.

"Maofesi munayenda angati?" anam'funsa Nankhoma. "Alipo anakumverani, kupatula mphaka? M'dziko lino muli khomo limodzi lokha limene mawu a munthu amalowa mpaka m'khutu la Mfumu, ndipo lili pansi pa mango."

"Ine mutu wanga unauma, anzanga."

"Nyimbo ya mavesi asanu ndi atatu mumaimba osatsegula buku. Mulephere mawu khumi?"

Nachisale analumikiza madiresi awiri kukhala limodzi, lofika m'mapazi. Mawu amene mwana wake ankam'phunzitsa ankawaika pa maimbidwe a nyimbo ya chigwirizano kuti asathawe, ndipo ogula ena ankavula zipewa poganiza kuti akupemphera.

Lachisanu mzere unayambira pa mango mpaka pa chigayo. Azibambo a ndevu anaima m'makabudula, miyendo itatuwa mbuu. Amayi ena anavala yunifolomu ana ali kumbuyo. Wapolisi anabwera ndi unyolo wake, koma lamulo linali litamanga iye, ndipo ena amati pofika masana anamveka akufunsa kuti kulembetsa kumatha liti. Woyesa ankangotsegula maenvulopu. M'zipatala zathu mankhwala ndi osefukira. Ayi bwana, zifukwa zitatu. Ku Tsanzirani kulibe wogona ndi njala. Ayi bwana, zifukwa zitatu. Wa kabaza uja anafika pa zifukwa khumi ndi chimodzi, mpaka woyesa anam'pempha kuti asiyireko anzake.

Atafika Nachisale, woyesa anam'zindikira. Anasanthula maenvulopu nthawi yaitali kuposa poyamba, nasankha imodzi, nawerenga pang'onopang'ono kuti mayiyo amve. Anali mawu a Mfumu akuti mu ufumu uno mwana aliyense wolimbikira amapita patsogolo.

Mawu onse amene Nachisale analoweza anabalalika ngati nkhuku zaona mphamba. Anaitana nyimbo ija, nyimbo inakana. Anatsala ndi ayi yekha ndi manambala. Anagwada, pakuti maondo ake sankadziwa njira ina, nayamba m'Chingerezi chake chothyokathyoka.

"Ayi, bwana. Choyamba, Ndaziona."

Anadzutsa chala chimodzi.

"Chachiwiri, Ndaziona."

Apa anaima. Kenaka mawu awiri anabwerera okha, ndipo mayiyo anayang'ana woyesa m'maso, chinthu chimene sanachitepo kwa mwamuna wovala tayi.

"Chachitatu, mwana wanga."

Woyesa anatsegula buku la malamulo. Silinanene kuti zifukwa zikhale zosiyana. Analemba malikisi onse, napempha madzi akumwa.

Mbiri inafika m'misika ina, ndipo ku nyumba ya Mfumu kunayamba kufika mitolo ya mapepala pa ngolo. Monga mwa lamulo, a Koperani ankaima pamaso pa Mfumu n'kumawerenga mayankho a okhoza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Maenje, mankhwala, milatho, wakuba. Bwalo silinkadziwa ngati liwombe kapena ayi, ndipo nduna zochenjera zinkawomba ndi chala chimodzi. A Tsekani ankalakalaka kumanga msika wonse, koma lamulo lowamasula linali la Mfumu, ndipo kulitsutsa kukanawalowetsa iwo eni ku Khalachete ndi makiyi awo omwe. Mfumu inaonda. Zaka makumi awiri inali isanamvepo ayi, tsopano inkamumva kambirimbiri patsiku, m'chilankhulo chimene inkachikonda. Tsiku limene anawerenga yankho la Nachisale, inafunsa kuti Ndaziona ndi dera liti la dziko lake. Ataikumbutsa, inati mutu ukuwawa.

Lolemba lotsatira wailesi inalengeza uthenga wa chikondwerero. Chifukwa cha utsogoleri wanzeru, dziko la Tsanzirani lakhala loyamba pansi pa thambo kukhoza Chingerezi lonse lathunthu, akulu, ana, makanda, ndi amene akadali m'mimba. Popeza onse akhoza, mayeso athetsedwa, ndipo woyesa aliyense abweze tebulo. Malo a ku sekondale aperekedwe potsata mmene ana ankakhozera m'kalasi. Komiti inayamikiridwa chifukwa cha ntchito yotamandika. Alendo akutsidya atafika anadyetsedwa, naonetsedwa magule, nabwerera akulemba kuti aona zozizwitsa.

"Ndiye kuti pakamwa atsekanso," anatero wa kabaza pamsika.

"Atseka," anayankha Nankhoma, akupinda makabudula. "Koma atseka khola mbuzi zitadya kale."

Pa mndandanda wa sukulu ya Tadzimvera dzina loyamba linali la Ndaziona. M'mawa wa tsiku lotsegulira, Nachisale anasenza sutikesi pamutu, mwana patsogolo, nayenda akulambalala maenje mpaka pa chipata cha sekondale. Pachipatapo panali wapolisi yemwe uja. Anali atam'samutsira kumeneko popeza ku mango ntchito inatha. Anawazindikira akadali patali.

"Amayi aja a zifukwa zitatu. Akuti masiku ano Chingerezi mumachithyola."

"Ndinakhoza, bwana. Wailesi inanena."

"Tanenani pang'ono timveko. Mwachitsanzo, msewu mwadzerawu mwauona bwanji?"

Nachisale anatula sutikesi naipereka kwa mwana wake. Anadikira mpaka mwanayo atalowa, mpaka dzina lake litalembedwa m'buku la pakhomo, mpaka diresi lake litasowa pakati pa madiresi a anzake. Kenaka anatembenukira wapolisiyo, nawerama mwaulemu.

"Ndi mayeso, bwana?"

"Ayi, kucheza chabe."

"Ndiye ndaiwala."

Tsono inu owerenga okondedwa, Mulungu wachifundo akusungeni inu ndi a pabanja panu. Atsegulire ana anu zitseko zimene akuluakulu anakhoma, awapatse aphunzitsi oleza mtima ndi oyesa oona. Akupatseni inde wopanda chinyengo ndi ayi wosagwedezeka, ndi nzeru yodziwa tsiku la aliyense wa iwo. Mtendere ukhale pakhomo panu, potuluka ndi polowa. Amen.